Klorini tisamutaye, koma zoola zizituluka m'madzi iye asanalowe

A Mkonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzi yathu yokondedwayi kuti ndiyankhulepo pa mau amene ayamba kumveka pa zitsime, m'misika ndi m'mafoni am'manja, akuti klorini amene timathira m'madzi akumwa amayambitsa khansa. Ena afika pouza mlangizi wa zaumoyo kuti abwerere nalo botolo lake. Ndikulembera owerenga onse, koma makamaka abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu athu, pakuti kumudzi kuno anthu akamva mphekesera amayamba afunsa kwa inu asanapite kuchipatala. Mphekeserayi siyabodza yonse ai. Ili ndi kachoonadi m'kati mwake, n'chifukwa chake ikufunika kuilongosola bwino, osati kungoikalipira.

Klorini sadabwere dzulo. Mzinda wa Jersey City ku America udayamba kumuthira tsiku ndi tsiku m'madzi a anthu onse m'chaka cha 1908, motsogozedwa ndi dokotala wina dzina lake John Leal. Mizinda ina itatsanzira, matenda a taifodi amene ankapulula anthu adatsika kwambiri. Padapita zaka 66 anthu asanadziwe mbali ina ya nkhaniyi. Mu 1974 katswiri woyeza madzi mumzinda wa Rotterdam ku Netherlands, Johannes Rook, adalengeza kuti wapeza klorofomu m'madzi a m'mipope. Klorofomu ndi mankhwala aja amene madokotala akale ankagonetsera anthu pochita opaleshoni. Palibe munthu amene adawathira m'madzimo. Adabadwira momwemo, klorini atakumana ndi zoola zimene zinali zitasungunuka m'madzi a mumtsinje.

Mau akuti zoola zosungunuka ndiwafotokoze, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mai akamapanga tiyi amasefa masamba, koma mtundu wa tiyi umadutsa m'sefamo. Mtundu umenewo ndi mbali ya tsamba imene yasungunuka, ndipo ngakhale mutasefa kakhumi ndi nsalu yoyera siungatsale pansalupo. Chimodzimodzi masamba oolera m'dambo, udzu, ndere, ndowe za ng'ombe, zakudya zotsala ndi zotuluka m'thupi la munthu, zonsezi zimasiya msuzi wake m'madzi. Nthawi zina msuziwo umaoneka, madzi n'kukhala achikasu ngati a padambo m'mwezi wa Okutobala. Nthawi zina suoneka n'komwe, madzi ali mbee! Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Klorini sasankha. Akalowa m'madzi amalimbana ndi chilichonse chimene wachipeza, kaya ndi kachilombo ka kolera kaya ndi msuzi wa tsamba. Akagwirana ndi msuziwo pamabadwa mankhwala atsopano. Odziwika kwambiri ndi anayi, amene akatswiri amawatchula mwachidule kuti THM, ndipo klorofomu ndi mmodzi mwa iwo. Koma pofika lero apezeka mankhwala otere oposa 600. Amabadwa ambiri ngati zoola zachuluka, ngati klorini wachuluka, ngati madzi ali ofunda, ndiponso ngati madziwo akhalitsa m'thanki kapena m'paipi.

Nanga kuopsa kwake n'kotani? Mu 1976 bungwe la National Cancer Institute la ku America lidapeza kuti makoswe ndi mbewa zimene zidadyetsedwa klorofomu wambiri zedi zidachita zotupa za khansa mu impso ndi m'chiwindi. Kafukufuku wa m'maiko angapo waonetsanso kuti pakati pa anthu amene amwa madzi okhala ndi THM wambiri kwa zaka makumi angapo, khansa ya m'chikhodzodzo imapezeka mochulukirapo pang'ono kusiyana ndi anzawo. Motero boma la America lidaika malire mu 1979, akuti THM asapyole mamaikrogalamu 100 pa lita imodzi, ndipo mu 1998 lidatsitsa malirewo kufika pa 80. Kuti timvetse kuchepa kwake, mamaikrogalamu 80 pa lita ali ngati kasupuni kamodzi ka shuga kosungunulidwa m'migolo 250 ya malita 200.

Tsono tiike mbali inayo pasikelo yomweyo. Kolera amene adabuka m'dziko muno mu 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 adadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Abusa ndi mashehe amene mukuwerenga kalatayi, ena mwa maliro amenewo mudaika ndinu, mwachangu, popanda ngakhale kugona pasiwa. Kolera amatha kupha munthu wamphamvu tsiku lomwelo. Zimene mankhwala obadwira m'madzi angachite n'zapang'ono, kwa anthu owerengeka, patapita zaka zambiri. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, ngakhale lidaika malire ake a klorofomu pa mamaikrogalamu 300 pa lita, limalangiza mosabisa kuti ntchito yopha tizilombo isafooketsedwe pofuna kuthawa mankhwalawa. Amene akuuza anzake kuti aleke klorini akuwachotsa pamvula n'kukawaimika mumtsinje wosefukira.

Komanso ine sindigwirizana ndi anthu amene amati popeza kolera ndi woopsa, za mankhwala enawa tizingozinyalanyaza. Njira yopewera mavuto onse awiri ilipo, ndipo ndi yodziwika. Chotsani zoola choyamba, klorini abwere pambuyo. Akapeza m'madzi mulibe chogwirana nacho, wochepa chabe amakwanira kupha tizilombo, ndipo zobadwa zake zimachepa.

Pamene nkhaniyi imakula zedi ndi pa madzi a suweji, ndiko kuti madzi ochokera m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'makhitchini a m'tauni. Anzanga akumudzi mwina mukuti izo n'za am'tauni. Ai ndithu. Madzi amenewa akayeretsedwa amatsiridwa mumtsinje, ndipo mtsinje suima pamalire a mzinda. Mtsinje wa Lilongwe umadutsa mumzinda, pafupi ndi maiwe a suweji a ku Kauma, n'kutsetsereka kudutsa m'midzi yambiri mpaka kukalowa mu Linthipe ku Salima. Mudi wa ku Blantyre madzi ake amakathera mu Shire. M'chilimwe mitsinje ikaphwera, gawo la madzi ochokera kusuweji limakula pa ndowa iliyonse yotungidwa kumunsi.

Pamalo oyeretsera suweji, ntchito yaikulu amagwira ndi tizilombo tabwino timene timadya zonyansa m'maiwe kapena m'mathanki. Timadya zambiri ndithu, koma sititha zonse. Zimatsala zina zolimba zimene tizilomboto timazilephera, pamodzi ndi zimene tizilombo tomweto tatulutsa, ndi ndere zimene zamera m'maiwe. Zotsalazi n'zovuta kuposa msuzi wa masamba a padambo, kaamba koti zili ndi naitrojeni wambiri wochokera mumkodzo ndi m'zakudya. Ngati m'madzimo mwatsala amoniya, uja amatitsamwitsa m'khola la nkhuku, amagwira klorini n'kumusandutsa mankhwala ofooka otchedwa chloramine. Woyang'anira akaona kuti tizilombo sitikufa msanga amaonjeza klorini, ndipo akatero zobadwa zimachulukanso. Pakati pa zimene zimabadwa pamene chloramine wakumana ndi zotsala za suweji pali ena otchedwa NDMA. Malire a WHO pa amenewa ndi mamaikrogalamu 0.1 okha pa lita, kuchepa ka 3,000 poyerekeza ndi a klorofomu. Pamenepo munthu angathe kuona yekha kuti akatswiri amawaopa motani. Tisaiwalenso kuti klorini wotsala akatsiridwa mumtsinje amapha nsomba ndi tamoyo tina timene nsomba zimadya.

Kodi zoola zimenezi zingachotsedwe? Kapena ndi nzeru za m'mabuku chabe? Tiyeni tipite ku Windhoek, likulu la dziko la Namibia, konkuno kum'mwera kwa Africa. Mzindawu uli pamalo ouma. Mvula ya chaka chonse siikwana ngakhale theka la imene imagwa ku Lilongwe, ndipo mitsinje yosaphwa ili pa mtunda wa makilomita mazanamazana. Atasowa pogwira, mu 1968 akuluakulu a mzindawu adatsegula malo otchedwa Goreangab, oyamba padziko lonse kutenga madzi a suweji oyeretsedwa, kuwayeretsanso, ndi kuwabwezera m'mipope ya madzi akumwa. Mu 2002 adatsegula malo atsopano okhoza kutulutsa malita 21 miliyoni pa tsiku, ndiko kuti migolo 105,000.

Ndikudziwa kuti ena powerenga izi achita nseru. Koma taonani zimene madziwo amadutsamo, ndipo muwerenge kuti klorini akubwera pati.

Nzeru yoyamba ili kunja kwa mpanda. Madzi oipa ochokera m'mafakitale saloledwa kusakanikirana ndi ochokera m'nyumba za anthu, amapita kwina. A m'nyumbawo amayamba ayeretsedwa pa malo a suweji a Gammams, kumene tizilombo tabwino timadya zonyansa ndi kuchotsa amoniya, kenaka amakhalako masiku m'maiwe. Akafika ku Goreangab amapopedwamo pang'ono mpweya wamphamvu wotchedwa ozoni, n'kuthiridwa mankhwala a chitsulo amene amagwira ntchito ngati alamu. Mankhwalawa amaundanitsa fumbi, ndere ndi mbali yaikulu ya zoola zosungunuka zija kukhala timibulu. Pansi pa thanki pamatuluka timathovu tating'onoting'ono ta mpweya timene timanyamula timibuluto kupita nato pamwamba, ndipo makina amayengula monga mai amayengulira thovu pamphika. Kuchoka apo madzi amasefedwa mumchenga.

Chotsatira ndicho chimandisangalatsa kwambiri. Madzi amapopedwanso ozoni, tsopano wochuluka. Ozoniyu amapha tizilombo, komanso amaphwanya zoola zolimba zija kukhala tizidutswa tofewa, monga chimanga cholimba chimasanduka ufa pachigayo. Ndiye madziwo amadutsa m'makala apadera amene pamwamba pake pamakhala tizilombo tabwino, ndipo timadya tizidutswato. Zimene zinali zosadyeka kusuweji zasanduka chakudya. Zotsala zimagwidwa ndi makala ena a mtundu womwewo. Makalawa amaotchedwa mwa njira yapadera kotero kuti m'kati mwake mumakhala timabowo tosawerengeka, ndipo galamu imodzi yokha, timabowo take titati titambasulidwe, tingakute malo oposa masikweya mita 500. Zoola zimakanirira m'timabowomo. Pomaliza pali sefa ya timachubu tabowo tosaoneka ndi maso, imene imatsekereza tizilombo totsala.

Apo m'pamene klorini amalowa, pa mapeto penipeni, kuti akalondere madzi pa ulendo wa m'mapaipi. Madziwo amasakanizidwa ndi a m'madamu ndi a m'zitsime zakuya asanafike kwa anthu, ndipo amayezedwa kosalekeza. Chiyambire 1968 sipadapezeke mliri umene udachokera ku madzi amenewa. Ena adatsatira ndi njira zawo: dziko la Singapore lili ndi madzi otchedwa NEWater, ndipo tauni ya Beaufort West ku South Africa idatsegula malo ake mu 2011 itavutika ndi chilala.

Sindikuti njirazi zilibe zovuta. Ozoni amafuna magetsi ambiri osazimazima, ndipo ngati m'madzi muli mchere wotchedwa bromide, ozoni nayenso amabala mankhwala ake oipa otchedwa bromate, amene malire ake ndi mamaikrogalamu 10 pa lita. Makala apadera aja amadzaza, ayenera kusinthidwa kapena kuotchedwanso, ndipo n'ngodula. Sindikunenanso kuti mizinda yathu iyambe mawa kumwetsa anthu madzi a suweji. Mulungu adatipatsa nyanja ndi mitsinje zimene a ku Windhoek amangozilota. Chimene ndikufuna titengeko ndi dongosolo lawo. Pa masitepe onse ndawatchulawa, ochuluka ndi ochotsa zoola, ndipo oyambirira, monga kupatula madzi a m'mafakitale, kusamala maiwe, kuthira alamu wokwanira ndi kusefa mumchenga, safuna nzeru zimene ana athu a m'sukulu zaukachenjede alibe.

Vuto limene limapezeka m'maiko osauka ambiri n'lakuti ndalama zikachepa, choyamba kusiyidwa ndi chimene sichioneka. Dziwe la suweji likadzaza matope osakumbidwa, madzi amangodutsa pamwamba mothamanga, tizilombo tabwino tisanadye. Pampu yopopera mpweya ikafa siikonzedwa msanga pakuti palibe amene amadandaula tsiku lomwelo. Ndiye pofuna kubisa zonsezi pamakhala chiyeso chongothira klorini wambiri pamapeto. Kumeneko kuli ngati kudzola mafuta onunkhira osasamba. Klorini wotereyo amathera pa zoola, tizilombo tina timabisala m'timibulu ta matope n'kupulumuka, ndipo mankhwala oipa amabadwa ochuluka. Ndalama zapita, matenda atsala.

Zonyansa zosachotsedwazi zimabweranso mwa njira ina. Naitrojeni ndi fosiforasi za musuweji ndi feteleza weniweni. Zikalowa mumtsinje kapena m'damu zimameretsa ndere ndi namasupuni, amene anthu a m'mbali mwa Shire amamudziwa bwino. Zomerazi zikafa zimaola m'madzi momwemo, ndipo amene akutunga kumunsi kuti ayeretse amapeza zoola zachulukanso.

Nanga pakhomo pathu titani? Pano ndili ndi mau olimbikitsa. Akatswiri otsogozedwa ndi Daniele Lantagne adayeza madzi a m'mitsinje, m'maiwe ndi m'zitsime kumadzulo kwa Kenya atathiridwa klorini wa pakhomo pa mlingo woyenera, ndipo m'zimene adafalitsa mu 2008, palibe madzi amene THM wake adapyola malire a WHO, ngakhale amatope omwe. Choncho mai wothira klorini mumtsuko monga adamuphunzitsira mlangizi wa zaumoyo, n'kudikira mphindi 30, asaope kanthu. Kumene kuli mjigo, madzi ake ndiwo abwino kuthiramo klorini, pakuti nthaka idawasefa kale ndipo kawirikawiri zoola zimakhala zochepa. Chitsime chikhale chovundikira, masamba asagweremo, ng'ombe zimwere patali, chimbudzi chikumbidwe kumunsi. Madzi amatope ayambe adikha, atsanulidwe mumtsuko wina kudzera pansalu yoyera, klorini alowe pambuyo. Nsaluyo siigwira zosungunuka, monga ndanena za tiyi, koma imachotsa zinyalala zimene zikadamaliza klorini asanagwire ntchito.

Awiri ndiwachenjeze. Woyamba ndi amene wamva za makala a ku Windhoek ndipo akuganiza zosinja makala a pambaula. Amenewo timabowo take n'tochepa, sangafanane ndi apadera aja, ndipo mapiri athu ameteka kale mokwanira. Wachiwiri ndi wokonda chamwamba. Njere za mtengowu zimagwetsadi matope, ndipo m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a University of Leicester adaziyesa pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo n'kupeza kuti zimagwira ntchito. Koma ufa wa njerezo nawonso ndi chomera. Ukachuluka umasiya msuzi wake m'madzi, ndiye tabwerera pomwe tidayambira. Muyezo ukhale wochepa, ndipo madziwo atsanulidwe bwino nsenga zitsale.

Kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, pempho langa ndi ili. Mukamalengeza za sabata, nenani momveka kuti klorini asasiyidwe. Munthu akabwera ndi nkhani ya khansa musamuseke, muuzeni kuti wamva theka, ndipo mumuonjezere theka linalo. Ambiri mwa inu muli m'makomiti a zipatala ndi sukulu za mishoni zimene zili ndi mathanki ndi maiwe awoawo a suweji. Kafunseni kuti matope adakumbidwa liti, ndiponso madzi otuluka m'menemo amathera pati, pakuti mwina kumunsiko ndi kumene nkhosa zanu zomwe zimatunga. Mafumu amene midzi yanu ili m'mphepete mwa mitsinje yochokera m'mizinda, funso lomweli mulifunse kwa khansala ndi phungu wanu pamsonkhano wa chitukuko, ndipo lilembedwe m'buku.

Kwa makhonsolo a mizinda ndi mabungwe ogulitsa madzi, ndikupempha kuti ndalama zikapezeka za ntchito za madzi, zisamathere pa mapaipi atsopano okha amene nduna ingadule riboni. Gawo lina lipite kukakumba maiwe, kukonza mapampu, kusintha mchenga wa m'masefa ndi kugula zipangizo zoyezera. Muziyeza zinthu zitatu pamodzi: kuchuluka kwa zoola m'madzi otuluka kusuweji, klorini wotsala pampopi wa kumapeto, ndi THM. Zotsatira zake muzizitumiza kwa a Mkonzi miyezi itatu iliyonse, m'Chichewa, pambali pake mutalemba malire ovomerezeka, kuti ife a kumunsi kwa mtsinje tizidziwerengera tokha. Ndikukhulupirira kuti a Mkonzi sangakane kupereka kadanga pa tsamba lino.

Wowerenga wanu,
Salima.